Za jakisoni wa nkhumba zomwe zikufa kumudzi

Achimwene, mwati nkhumba zomwe mumatumizira ndalama kumudzi ku Mchinji zayamba kufa motsatizana, sizikudya, makutu ndi kumimba kukufiira, ndiye mukufuna tikulozereni shopu kuno ku Joni mugule jakisoni mupatsire a basi. Mwatinso alamu akukaniza ana kudya nkhumba ati imayambitsa khunyu. Ma rand anuwo asungeni kaye.

Mmene mwafotokozeramo zikumveka ngati chigodola, matenda a nkhumba omwe pa Chingerezi amati African swine fever, ngakhale wotsimikiza ndi wa vetenale akayeza magazi, ndiye ang'ono anu apite kukanena ku ofesi ya zaulimi lero lomwe. Chikakhala chigodola mankhwala ake kulibe, olo mutazungulira Joni yense. Ndi vairasi ameneyu, ma jakisoni a oxytetracycline omwe anthu amakonda kubaya chilichonse chikadwala aja amapha mabakiteriya basi, apa sagwira. Matendawa anawalemba koyamba ku Kenya mu 1921, zaka zoposa 100 akatswiri akulimbana nawo, labu ina yodziwika pa dziko lonse pa nkhani yomweyi ili pompano pa Onderstepoort kufupi ndi Pretoria, koma katemera woti mungagule m'shopu kuno kapena kwathu palibe. China yomwe ndi chuma chake chonse chija inataya nkhumba mamiliyoni atalowa mu 2018. Ndiye wina akakuuzani mu inbox kuti ali nawo mankhwala, ameneyo akufuna kukudyerani.

Chomwe chandichititsa kulemba zambiri ndi choti mwatchula Mchinji. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza anatolera nkhufi, tizirombo ta mtundu wa nkhupakupa, m'makola a nkhumba m'boma lomwelo n'kupezamo kachilombo ka chigodola. Nkhufi imabisala m'ming'alu ya zipupa ndi ya mitengo ya khola, imatuluka usiku kuyamwa magazi n'kubwerera, ndipo imatha kusunga kachilomboka kwa zaka osati miyezi. Kutchire imachita zomwezo m'mauna a njiri, njiri zake osadwala n'komwe. Ndiye munthu nkhumba zafa, wadikira mwezi umodzi, watumiza ndalama agule zina alowetse m'khola lomwe lija, zafanso, kenako ayamba kuloza chala a neba kuti akuwalodza. Khola lakalelo lisiyeni, mitengo yake muotche, latsopano mumange patali, pansi pa simenti, zipupa zopaka pulasitala.

Koma njira yaikulu yomwe chimayendera ndi ifeyo anthu. Nkhumba ikangoyamba kufooka timathamangira kupha kuti tipulumutseko kangachepe, nyama yapita pa msika, ina pa chiwaya, madzi otsukira nyamayo ndi zotsala m'mbale athira kwa nkhumba za mudzi wina. Munthu chigodola sichimugwira, n'chifukwa chake timachitenga mopepuka, koma mu nyama kachilomboka kamakhala miyezi, mufiriji ndiye kamakhalitsa. Zakufa akwirire dzenje lakuya agalu asafukule. Mavenda asamalowe m'khola, aziona ali panja, wodyetsa akhale mmodzi ndi jombo zake zosachoka pakhomo pa khola, ndipo zobwerekana nkhumba yamphongo zija ayambe aleka. Nanunso amene mukuweta kuno kumapuloti, lamulo la kuno limati zotsala za kukhitchini ziwiritsidwe ola lathunthu musanapatse nkhumba, Gauteng nayo chigodola chinafikamo.

Za alamu, sakunama kwenikweni koma nkhani yake ndi yokhotakhota pang'ono. Pali njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium. Nkhumba yoyendayenda ikadya chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokayo, mu nyama yake mumatuluka timatuza toyera ngati mpunga, ena amationa kunsi kwa lilime isanaphedwe. Mukadya nyama yotero yosapsa mumakhala ndi njoka m'mimba. Khunyu limabwera munthu akameza mazira a njokayo ochokera m'chimbudzi cha munthu mnzake, kudzera m'manja osasamba, madzi kapena ndiwo zamasamba, timatuza tija n'kukamera mu ubongo. Ndiye olo munthu amene sanalaweko nkhumba chibadwire atha kudwala. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO amati m'madera momwe njokayi ndi yofala, pafupifupi 30 pa anthu 100 a khunyu chiyambi chake ndi chimenechi. Nkhumba itsekeredwe, pakhomo pakhale chimbudzi, nyama ipse mpaka mkati, ya timatuza itayidwe. Kanyenya wofiira mkati uja, makamaka wa usiku pa bawa poti sukuona n'komwe, ine ndiye ayi.

Nyama ya nkhumba ikakhala yopanda timatuza ndi yakupsa ana asamanidwe, mnofu wake pa magalamu 100 uli ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 20, ndipo vitamini B1 imaposa ya ng'ombe ndi nkhuku. Zofunika kuchepetsa ndi mapoloni ndi masoseji omwe tazolowera kunowa, mu 2015 a WHO anaika nyama zokonzedwa chonchi pa gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo.

Mukadzayambiranso, madeya okha sakuza nkhumba, asakanize ndi soya wokazinga, wamuwisi amasokoneza kugaya chakudya, ndipo chimanga cha chuku asapatse. Yaikazi imatenga bere miyezi 3, masabata 3 ndi masiku 3, ana akabadwa pa simenti amafuna jakisoni wa ayironi m'masiku atatu oyamba poti mkaka wa mayi ulibe wokwanira. Ameneyo ndiye jakisoni woti mudzagule, ndipo ku Lilongwe amapezeka, simufunika kuvutitsa a basi. Pakadali pano tumizani ya simenti ndi jombo, ndipo ang'ono anu muwauze asagulitse olo imodzi mwa zotsalazo mpaka a vetenale afike.