Kagalu kakungolira m'khola tsiku lonse, ndikatsegulire?

Imelo iyi inafika Lachiwiri usiku ndipo ndakhala nayo masiku anayi osayankha, chifukwa inandigwira pachilonda chimene ndimayesa chinapola kalekale. Mayi wina wa ku Lilongwe akuti akuba atawathyolera nyumba anagula kagalu pamsewu, nde amuna awo ndi alamu awo alamula kuti kazikhala kotsekeredwa m'khola usana onse, ana asamakagwire, komanso azikathirira tsabola m'chakudya kuti kakule kolusa. Koma kakungolira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, iwo mtima ukuwawa. Akufunsa kuti, ndikakatsegulira sikapusa?

Mayi, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndakuuzani za Poizoni.

Ife tinakulira ku Chilomoni. Chaka china akuba anatiyendera katatu, ulendo womaliza anatenga wailesi ya bambo ndi makina osokera a mayi, makina amene ankatidyetsa pakhomopo. Bambo anakwiya koopsa, sabata yomweyo anabwera ndi kagalu m'katoni ya sopo, kofiirira, makutu ogwa, kamimba kali tuu ngati kakhuta pamene zinali njoka za m'mimba, izi ndinadzazidziwa nditakula. Dzina anakapatsa tsiku lomwelo, Poizoni, ati wakuba akangomva dzinalo azibwerera. Khola anamanga kuseri kwa bafa ndi njerwa zotsala, pamwamba anaika lata lakale nkulipsinja ndi miyala, kachitseko kathabwa, ndi kabowo kamodzi kongokwana dzanja la mwana. Lamulo linali loti amamutsegulira 9 koloko usiku ife titalowa, nkumutsekera m'mamawa tisanadzuke, ndipo wina aliyense asamuyankhule kapena kumugwira. Bambo ankati galu akazolowera anthu sauwa. Sindikuwanena bambo anga ayi, anali munthu woopa kuti tsiku lina akubawo adzabwera ndi zikwanje ana ali m'nyumba, ndipo zimene ankachitazo ndi zimene aliyense mudera lathu ankachita.

Ntchito yomupatsa chakudya inagwera ine, ndili Sitandade 4. Mkute wa nsima ndi madzi otsukira poto wa ndiwo, kamodzi patsiku, basi. Ndimakumbukira mwezi wa Okutobala ndikaweruka kusukulu lata lija limakhala litatentha moti sungaligwire, mkatimo ukungomva wefuwefu, fungo la mkodzo kukulandira usanafike nkomwe. Tsiku lina ndinangolowetsa dzanja pakabowo kaja, sindikudziwa chinandituma ndi chani. Ndinamva mphuno yonyowa ikununkhiza zala chimodzichimodzi, kenako lilime. Ananyambita dzanja lonse mpaka pamkono, mchira ukumenya njerwa phaphapha. Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita tsiku lililonse, kukhala pansi kutsamira khomalo dzanja lili mkati, nkumamuuza za kusukulu. Ndinakwapulidwapo kawiri chifukwa cha zimenezi koma sindinasiye.

Anakhala choncho zaka zitatu. Ndipo analusadi, zimenezo sindingakane, usiku munthu sukanayerekeza kutuluka. Tsiku lina mng'ono wanga, ali ndi zaka zisanu, anadzuka m'bandakucha m'mimba mukumupweteka nkutsegula chitseko yekha kuthamangira kuchimbudzi. Poizoni anali asanatsekeredwe. Anamugwetsa pansi, anamuluma pantchafu ndi padzanja, mpaka lero zipsera zilipo. Taganizani mayi, mwana wa pakhomo pomwepo, zaka zitatu akhala mumpanda umodzi, koma galuyo anali asanamununkhizepo ndi tsiku limodzi lomwe. Kwa iye mwanayo ndi wakuba zinali chimodzimodzi. Akanadziwa bwanji?

Kenako panabwera mantha a chiwewe, chifukwa Poizoni anali asanabayidwepo katemera. Akanapita naye ndani, poti palibe amene akanatha kumumanga chingwe nkuyenda naye pamsewu. Mayi anabereka mwana kumbuyo, chipatala choyamba mankhwala kunalibe, anakawapeza kwina madzulo. Mawa lake bambo anaitana bambo wina amene anabwera ndi waya. Ine ndinaima pakhonde. Akumukoka kudutsa pageti, kanali koyamba kutuluka kunja kwa mpanda chibwerere m'katoni muja, anatembenuka nkundiona ndipo anagwedeza mchira. Sindinamuonenso. Ndikulemba izi ndili munthu wamkulu wa ana atatu koma misozi ikulengeza.

Nde ndikamva munthu akuti mutsekereni kuti aluse, magazi amandiwira. Ndinena mosapsatira, ndi nkhanza, ndipo chitetezo chimene mukufunacho sichibweranso. Galu wotsekeredwa tsiku lonse amakhala wamantha ndi wosokonezeka, amaluma chilichonse choyenda chifukwa palibe chimene akuchidziwa, ndipo amene amapezeka pafupi kwambiri ndi ana anu omwe, wantchito, mwana wa aneba amene wabwera kudzatola mpira. Wakuba weniweni sabwera chimanjamanja, amaponya nyama yothira tameki kudutsa pampanda nkudikira, ndipo galu amene wagona ndi njala tsiku lonse amaimeza osanunkhiza nkomwe. Ndi angati mwamva kuti anadzuka m'mawa nkupeza galu wauma gwaa, thovu kukamwa, batire la galimoto lapita? Ntchito ya galu pakhomo ndi kuuwa kuti inu mudzuke, ndipo galu amauwa bwino akamadziwa kuti awa ndi anthu anga, uyu ndi mlendo. Kusiyanitsako amakuphunzira ali kamwana, makamaka miyezi itatu yoyambirira, m'mera mpoyamba paja. Nthawi imeneyo ndi imene kanu kakuthera mumdima.

Za tsabolazo chonde musayese nkomwe. Tsabola amangomuwotcha mkamwa ndi m'mimba, atsegula m'mimba basi, ndipo kagalu kakang'ono kakatsegula m'mimba madzi amatha m'thupi msangamsanga. Ena amafika pomupatsa chamba, ena kumudula makutu ndi mchira ndi lezala ati azimva bwino. Zonsezi ndi kuzunza chabe nyama imene singakuuzeni pamene pakupweteka. Komanso galu satuluka thukuta pathupi ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu uja lilime lili panja, nde kumuika pansi pa lata m'chilimwe opanda madzi ndi kumuphika wamoyo.

Mwati munakagula pamsewu. Sindikukudzudzulani, nanenso mtima umandigwira ndikaona anyamata aja atanyamula tiagalu m'mwamba padzuwa kuonetsa magalimoto, koma dziwani kuti tambiri timakhala tachotsedwa kwa make tisanakwane nthawi. Kagalu kamayenera kukhala ndi make mpaka masabata 8. Tochotsedwa msanga timadwaladwala, timalira kwambiri, ndipo tikagula ndi pamene anyamatawo amakatenganso tina, nchifukwa chake a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira nyama kwanu ku Lilongweko, akhala akuletsa malonda amenewa kwa zaka zambiri. Koma poti kanu kafika kale pakhomo, nkanu basi, ndipo kulira mukumvako ndi kwa mwana amene dzana anali pamimba pa make ndi abale ake lero ali yekha.

Ndibwerere pa chiwewe chifukwa apa sindifuna tizichita masewera. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri ku Africa kuno ndi ku Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka palibenso mankhwala. Koma agalu 70 mwa 100 alionse mudera akabayidwa, matendawa amasiya kuyenda. Ine ndinaona ndi maso a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, atayamba ntchito yawo mu Blantyre mu 2015, m'masabata ochepa anabaya agalu oposa 35,000 mumzinda muno mokha, ulere. Loweruka ndi Lamlungu pamasukulu a pulayimale pamakhala mzere wa ana, wina wamanga galu wake ndi chingwe cha linya, wina wanyamula tiana m'beseni, galu akabayidwa amamupaka penti pamutu kuti adziwike. Ndinaima pamenepo nkumaganiza kuti agalu onsewa afika pano chifukwa amalola kugwiridwa ndi mwana. Agalu a m'makhola aja ndi amene amatsala, eni ake amangoti uyu ndi wolusa sangatheke. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuona ngati litupe. Galuyo musathamangire kumupha, amangidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, a zaziweto amadziwa chochita. Zikanakhala kuti tinkadziwa zimenezi, mwina Poizoni akanapatsidwa masiku ake khumiwo.

Panopa tili ndi Shuga, wamkazi, galu wachikuda wamba, zaka zisanu ndi chimodzi. Usana amagona pakhonde pamthunzi pathumba lake, ana akamapita kusukulu amawaperekeza mpaka pageti, ikamakwana nthawi yoweruka mumupeza wakhala kale pomwepo makutu ali njo. Mwana wanga womaliza anaphunzira kuyenda atagwira msana wake. Koma kauwidwe kake ndimakadziwa ngati mawu a mwana wanga, kuuwa kwa mlendo wamasana ndi kwina, kuuwa kwa usiku munthu akaima kuseri kwa mpanda ndi kwinanso, kolemera, ubweya wapamsana utaima. Chaka chatha anatidzutsa cha m'ma 2 koloko, titayatsa magetsi tinangomva mapazi akuthawa, m'mawa tinapeza njerwa ziwiri zagumulidwa pampanda. Galu wamkota sakandira pachabe, akauwa choncho sitigonanso. Sanagonepo m'khola lotseka chibadwire.

Tilinso ndi mphaka, ndipo iyi ndi nkhani ina imene imandipweteka, anthu kugenda amphaka ati ndi a ufiti pamene chibwerere iyeyu makoswe anasiya kuboola matumba a chimanga. Madzulo ndikakhala pampando amabwera kudzadzipinda pamiyendo nkumalira kapansipansi kaja, kutopa konse kwa tsikulo kumatsika. Iye ndi Shuga amamwera m'beseni limodzi. Poti ndatchula mphaka, musadzayerekeze kumupatsa Panado akadwala, ngakhale kachidutswa kamamupha, ndipo galunso musamamupatse mankhwala a anthu mwachisawawa.

Nde mupange bwanji mayi?

Katsegulireni lero lomwe. Khola lisagumulidwe, lingokhala chipinda chake chogona, chitseko chotsegula, pamthunzi, pansi pouma ndi thumba loyala limene muzichapa ndi kuyanika, chifukwa pansi ponyowa ndi mkodzo ndi pamene tiagalu timatengera mphutsi zija zolowa pakhungu. Kutsekera kwa kanthawi alendo akabwera kulibe vuto. Madzi oyera azikhalapo nthawi zonse. Chakudya katatu kapena kanayi patsiku kakadali kakang'ono, kakakula kawiri, ndipo nsima yokha sikwanira, phikani phala la mgaiwa nkusakaniza bonya kapena usipa wosinja, nthawi zina dzira lophika. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amasweka ngati singano nkubaya m'matumbo, anyezi ndi chokoleti ayinso. Sabata ino pitani nako kwa a vetenale kapena ku LSPCA kakalandire mankhwala a njoka za m'mimba ndi katemera wa parvo, matenda otsegula m'mimba mwa magazi amene amatha tiagalu tambiri, wa chiwewe kakakwana miyezi itatu kenako chaka ndi chaka, mufunsenso za nkhupakupa ndi utitiri komanso zotseketsa kuti kasadzabereke kapena kuyendayenda. Ana azisewera nako inu mukuona, osakakoka mchira, osakasokoneza pakudya kapena kakagona, akatha asambe m'manja.

Abambo akunyumbawo musalimbane nawo ngati mukuwatsutsa pamaso pa achimwene awo, nawonso ndi mantha a akuba omwewo amene anali ndi bambo anga. Apempheni kuti katemera akatha iwowo ndi amene azikayendetsa madzulo kuzungulira mpanda, ndipo chakudya chausiku azipereka okha. Ngati akanabe, awerengereni za mng'ono wanga uja, ndalola.

Pakatha masabata awiri mundilemberenso mundiuze ngati kakulirabe. Ndipo mundiuze dzina lake, mu imelo yonse ija simunalitchule.