Kodi Don Dunstan anathawa ntchito?

Mayi wina amene akugwira ntchito ya unamwino ku Adelaide, likulu la chigawo cha South Australia, wandilembera imelo. Akuti dzina la Don Dunstan, yemwe anali nduna yaikulu ya chigawocho, akumaliona pa holo ya zisudzo komanso pa mapepala a chisankho a dera limene akukhala, koma mnzawo wa kuntchito anawauza kuti munthuyo sanalamulepo dziko lonse la Australia, ndipo udindo anautula atavala zovala zogonera. Ndiye akufunsa kuti ulemu wonsewu ndi wa chiyani.

Mayi, funso lanuli landikhudza pamene pali chilonda. Ine ndinali wapampando wa komiti ya sukulu ya kwathu kwa zaka zisanu, ndipo tinaumba njerwa mpaka kumanga midadada iwiri. Kenako mayi a kunyumba anadwala matenda aakulu. Ndinkagona pa mkeka m'khonde la chipatala, m'mawa n'kukwera njinga kupita ku msonkhano maso ali psuu, mpaka tsiku lina cholembera chinagwa m'manja mwanga ndikusaina ndipo ndinalephera kuchitola. Nditaika maliro ndinabweza makiyi a ofesi. Anthu amene ana awo amaphunzira m'midadada ija ankanena poyera kuti ndathawa, ndipo mawu amenewo amandipwetekabe. Choncho ndikamva munthu akunyozedwa chifukwa cha tsiku limene anasiyira ntchito, mtima wanga sukhala m'malo.

Dunstan anabadwira ku Suva, m'dziko la Fiji, mu 1926, ndipo analowa nyumba ya malamulo ya South Australia mu 1953 ngati phungu wa Norwood wa chipani cha Labor. Anakhala ku mbali yotsutsa zaka khumi ndi ziwiri, osati chifukwa chakuti chipani chake chinkasowa mavoti nthawi zonse, koma chifukwa malire a madera anadulidwa mokondera. Pa mipando 39, kumidzi kunali 26 pamene mzinda wa Adelaide, kumene kunali anthu ambiri, unali ndi 13 yokha, ndipo zimenezi zinathandiza Thomas Playford, wa chipani chopikisana ndi Labor, kulamula chigawocho kuyambira 1938 mpaka 1965. Ngakhale mu 1968, Dunstan ali kale nduna yaikulu, Labor inapeza mavoti oposa theka koma boma linapita kwa Steele Hall, mtsogoleri watsopano wa chipani cha Playford. Dunstan sanakhumudwe n'kusiya. Anapitiriza kudzudzula chinyengocho mpaka Hall mwiniwake anavomera kukonza malirewo, ndipo mu 1970 Dunstan anabwerera pa mpando. Amene akuti munthu wotereyu anali wothawa sakudziwa chimene akunena.

Zoti anali wa chigawo chabe, nazonso sindikuzivomereza. Ku Australia apolisi, zipatala, masukulu ndi nkhani zambiri za malo zili m'manja mwa maboma a zigawo, kutanthauza kuti chipatala chimene mumagwiramo ntchito, ngati chili cha boma, chimayang'aniridwa kuchokera ku Adelaide komweko, osati ku Canberra, likulu la dziko lonselo. Mu 1966, ali nduna ya zamalamulo ya chigawocho, Dunstan anadutsitsa lamulo loletsa kusala anthu chifukwa cha mtundu kapena khungu lawo, loyamba la mtundu umenewu m'dziko lonselo. Chaka chomwecho anakhazikitsa Aboriginal Lands Trust kuti malo amene boma linapatulira eni nthaka, anthu a mtundu wa Aboriginal, akhale m'manja mwa bungwe lawo. Mu 1976 chilango cha imfa chinathetsedwa m'chigawocho, ndipo Sir Douglas Nicholls anakhala munthu woyamba wa mtundu wa Aboriginal kuikidwa kukhala bwanamkubwa. Inu mayi, amene ndinu munthu wakuda wogwira ntchito pakati pa azungu, ganizirani kuti Dunstan anali mmodzi mwa amene analimbikira kuti chipani chake chichotse mfundo ya White Australia, yoletsa anthu omwe si azungu kusamukira m'dzikolo, m'ndondomeko zake mu 1965.

Sindikunena kuti analibe zolakwa. Mzinda watsopano wa Monarto umene anaulimbikira kwambiri unadya ndalama za anthu koma sunamangidwe. Mu Januwale 1978 anachotsa ntchito mkulu wa apolisi, Harold Salisbury, chifukwa chosauza boma zoona zake za mafaelo achinsinsi amene apolisi ankasunga okhudza nzika, ndipo ngakhale kafukufuku wa woweruza Roma Mitchell anapeza kuti boma linali ndi zifukwa zomveka, anthu ambiri anamukwiyira.

Za zovala zogonera zija

Mkazi wa Dunstan, Adele Koh, anamwalira ndi khansa mu 1978, mkangano wa Salisbury usanazizire. Patangopita miyezi yochepa thupi lake linakana, anagonekedwa m'chipatala cha Calvary, ndipo mu Febuluwale 1979 anaitana atolankhani komweko n'kulengeza kuti watula pansi udindo. Sanadikire kuti achire kaye n'kuvala suti kuti aoneke bwino. Ine ndikudziwa mmene munthu amalemerera akangoika mkazi wake m'manda, ndipo ndikunenetsa kuti kusiya mpando pamene mphamvu zatha kumaposa kuukakamira ntchito ya anthu ili chiimire. Lamulo lobwezera malo kwa anthu a mtundu wa Pitjantjatjara, limene boma lake linayamba kukonza, linadutsa mu 1981 pansi pa David Tonkin wa chipani cha Liberal.

Holo imene mukunenayo ndi Dunstan Playhouse ya ku Adelaide Festival Centre, ndipo dera lanu ndi Norwood yomwe ija, imene anaisintha dzina n'kukhala Dunstan mu 2014, patatha zaka 15 iye atamwalira. Mnzanuyo mukamufunse ngati akudziwa chaka chimene kusala munthu wakuda pa ntchito kunakhala mlandu ku South Australia.