Maradiko onse 214? Ayi, yambani ndi ochepa

Achimwene, mwafunsa ngati mukuyenera kuloweza maradiko onse 214, tizigawo timene timabwerezedwa mu zilembo za Chitchaina n'kumalozera tanthauzo, musanayambe kuwerenga Chitchainacho. Ayi ndithu, mungotopa nazo. Nambala ya 214 ija ndi ya mu dikishonale ya Kangxi ya 1716, ndipo ambiri mwa iwo simuzikumana nawo pafupipafupi. Ine ndinayamba ndi okhawo amene amangobwerabwera basi. Tengani 氵, timadontho titatu ta kumanzere tija, amenewo ndi madzi, ndiye mukaona 河 mtsinje, 海 nyanja, 洗 kuchapa, mumadziwiratu kuti nkhani yake ndi ya madzi olo katchulidwe musakadziwe. 口 ndi pakamwa, mumupeza mu 吃 kudya ndi 喝 kumwa. 扌 ndi dzanja, 亻 ndi munthu, koma chenjerani, ameneyu ndi 人 yemweyo wangopanikizika pambali, ine zinandizunguza mutu sabata yathunthu.

Chinanso, mbali inayo ya chilembo, imene si radiko, nthawi zambiri imakunong'onezani kamvekedwe. 妈, amayi, ndi 女 mkazi kuphatikiza 马 hatchi. Hatchiyo sikuti akunyoza amayi anu ayi, wangobwereketsa liwu loti ma. Muzilemba pamanja mu kope, kungoyang'ana pa foni sizilowa.