Mapiritsi a cystic fibrosis: chifukwa chake amathandiza ana ena, ena ayi

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Mdzukulu wawo anabadwira ku Britain ndipo wapezeka ndi cystic fibrosis. Madokotala auza makolo kuti kuli mapiritsi amphamvu, koma ayenera kuona kaye ngati angagwire ntchito mwa mwanayo. Mayiwa akufunsa kuti: "Matenda ndi amodzi, nanga mankhwala akusankha bwanji? Komanso si paja awa ndi matenda a azungu?"

Mayi, yankho lili mu ntchito ya dokotala wa mapapo wa ku America, Michael Welsh, ndiye mundilole ndikutengereni kumeneko.

Choyamba matendawo. Mwana amadwala akatengera jini (malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo) yolakwika kwa mayi ndi kwa bambo omwe. Makolo awiriwo amakhala bwinobwino, osadziwa n'komwe kuti anainyamula, ndipo pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale umakhala 1 mwa 4. Choncho akuchimuna kapena akuchikazi akayamba kulozana chala, muwauze kuti zachokera mbali zonse ziwiri. Makhololo a mwana wotere amakhala olimba ndi omata, tizilombo timaswana m'mapapo, kapamba satulutsa bwino madzi ogaya chakudya, ndipo mwana sanenepa ngakhale azidya. Thukuta lake limakhala la mchere kwambiri. Dorothy Andersen ndi amene anawalongosola matendawa mu 1938 ku New York, ndipo nthawi imeneyo ana ambiri ankamwalira asanayambe sukulu.

Welsh anakulira ku Iowa, anamaliza maphunziro a udokotala pa University of Iowa mu 1974, ndipo ntchito yake yaikulu waigwirira pomwepo. Chimene chinamukoka sichinali makhololo enieniwo koma funso looneka laling'ono: mchere ndi madzi zimadutsa bwanji m'maselo amene anayala njira za mpweya? Mu 1983 Paul Quinton, wofufuza amene iyenso ali ndi matendawa, anasonyeza kuti chloride, mbali imodzi ya mchere, sadutsa bwino m'timachubu ta thukuta ta odwala. Mu 1989 Lap-Chee Tsui, John Riordan ndi Francis Collins anapeza jini yake, CFTR. Koma kupeza jini si kudziwa ntchito yake. Gulu la Welsh ndi lomwe linasonyeza, cha mu 1990 ndi 1991, kuti puloteni imene jini ya CFTR imapanga ndi chipata cha chloride pakhungu la selo, komanso kuti ukaika jini yabwino m'maselo a wodwala, chloride amayambanso kudutsa.

Apa ndi pamene pali yankho lanu. Chipatacho chimatha kuwonongeka m'njira zosiyana, ndipo mu 1993 Welsh ndi Alan Smith anazigawa m'magulu. Mwa ana ena thupi silipanga chipata n'komwe. Mwa ena chimapangidwa chopindika, selo n'kuchiwononga chisanafike pamalo pake. Mwa enanso chimafika koma sichitseguka, kapena chimatseguka pang'ono chabe. Zolakwika zodziwika mu jini imeneyi zimaposa 2,000, koma chofala kwambiri ndi F508del, cha gulu la chipata chopindika. Odwala pafupifupi 8 kapena 9 mwa 10 ku Ulaya ndi ku America ali nacho.

Chimene ine ndimachiona chachikulu pa ntchito yonse ya Welsh chinachitika mu 1992. Gulu lake linasunga maselo a F508del pamalo ozizirirapo kuposa thupi la munthu, ndipo puloteni ija inafika pakhungu la selo n'kuyamba kudutsitsa chloride. Munthu sungamuziziritse, n'zoona, koma zinaonetsa kuti puloteniyo si yotheratu, ingathe kukonzedwa. Kampani ya Vertex inayesa mankhwala ochuluka zedi pofuna amene angachite zomwe kuzizira kunachita. Mu 2012 kunatuluka ivacaftor, wotsegula chipata chomwe chafika koma chatsekeka. Mu 2019 kunavomerezedwa Trikafta, wophatikiza mankhwala atatu, awiri owongola puloteni ndi mmodzi woitsegula. Ku Britain amamutcha Kaftrio. Welsh ndi Paul Negulescu wa ku Vertex analandira mphoto ya Shaw mu 2022 chifukwa cha zimenezi.

Ndingotchulako kuti gulu lomweli linapanganso nkhumba zokhala ndi cystic fibrosis mu 2008, poti mbewa sizinkadwala mapapo ngati anthu. Nkhumbazo zinaonetsa kuti madzi a m'njira za mpweya amakhala ndi asidi wambiri, n'chifukwa chake sapha tizilombo kuyambira tsiku lobadwa.

Tsono mapiritsiwa amakonza puloteni imene ilipo. Ngati thupi silipanga puloteniyo, palibe choti akonze. Ndipo pamenepa funso lanu lachiwiri likukumana ndi loyamba. N'zoona kuti matendawa ndi ofala mwa azungu, kumene munthu pafupifupi 1 mwa 25 amanyamula jiniyo, koma anthu akuda amadwalanso. Ku South Africa madokotala anapeza kuti cholakwika chofala mwa odwala akuda ndi 3120+1G>A, chomwe chili m'gulu losapanga puloteni yogwira ntchito. Mwana amene anatengera zolakwika za mtundu umenewu mbali zonse ziwiri, Kaftrio samuthandiza. Koma ngati mbali imodzi yokha ili F508del, mapiritsiwo amagwira. Izi zimandiwawa, chifukwa mankhwala anapangidwira cholakwika cha kumene kuli ndalama, ndipo ku America mtengo wake umaposa madola 300,000 pa chaka.

Auzeni makolo afunse mayina a zolakwika zonse ziwiri ndipo awalembe, chifukwa m'mayinamo ndi momwe muli yankho. Mapiritsi akhalepo kapena ayi, mwana adzafunika kumuchotsa makhololo pachifuwa tsiku lililonse, makapusozi othandiza kugaya chakudya pa chakudya chilichonse, zakudya zamafuta, mchere wowonjezera ndi mankhwala opha tizilombo. Mukadzamulandira ku Zomba m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, za mchere ndi madzi musazitenge mwachibwana, chifukwa amataya wambiri m'thukuta. Ndipo ngati m'banja mwanu muli mwana wina wokhosomola zaka ndi zaka, wosanenepa, amene anayezedwa TB osapezeka nayo, muwauze adokotala za mdzukulu wanuyu kuti aganizire zomuyeza mchere wa m'thukuta.