PS4 ili ku Turffontein, inu muli ku Fourways: mungasewere pa foni?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mbale wathu wina wa ku Mangochi amene akukhala ku Turffontein, kuno ku Johannesburg, yofunsa za PS4 (PlayStation 4), makina a Sony osewerera magemu pa TV. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mawu ake ndi awa:

"Achimwene, ndili ndi PS4 imene ndinagula kwa munthu chaka chatha. Ndimagwira ntchito ya m'munda ku Fourways ndipo ndimagona konko kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye makinawo amangokhala. Mnzanga akuti n'zotheka kumasewera pa foni makina ali kunyumba. Kodi ndi zoona? Pamafunika chiyani? Komanso mu Disembala ndikupita kumudzi. Ndili ku Mangochi ndingamasewere PS4 ili kuno ku Joni?"

Achimwene, mnzanuyo sanakunamizeni. Za ku Fourways n'zotheka ndithu. Za ku Mangochi ndiyankha kumapeto, ndipo ndikuuziranitu kuti yankho lake silikoma kwenikweni.

Pulogalamu yake ndi PS Remote Play. Ndi ya Sony yemweyo, ndi yaulere, ndipo sifuna kuti mulipire PlayStation Plus. Si chinthu chachilendo ayi. Sony anayamba kale kuyesa zimenezi pa PS3 ndi kamakina ka m'manja ka PSP, kenako PS4 itatuluka mu 2013 anaigwirizanitsa ndi PS Vita. Mu 2016 pulogalamuyi inafika pa makompyuta a Windows ndi Mac, ndipo mu 2019 inafika pa iPhone ndi mafoni a Android a makampani onse. Ndiye foni imene muli nayo m'thumbayo, ngati si yakalekale, mwina ikwanitsa.

Koma mumvetse chimene chimachitika, chifukwa apa m'pamene ambiri amataya ndalama. Gemu siisamukira mu foni. Imaseweredwa pa PS4 yanu yomwe ija, ku Turffontein. Makinawo amatenga chithunzi chimene chikanaoneka pa TV, n'kuchipanikiza kukhala kanema, n'kuchitumiza pa intaneti mpaka pa foni yanu. Inu mukadina batani, uthengawo umabwerera njira yomweyo kukauza makina kuti wosewera wanu amenye mpira. Foni ili ngati zenera chabe loonera zimene zikuchitika kunyumba. Ndaona anthu akugula foni yodula poganiza kuti chithunzi chisiya kuduka, chikhalirecho vuto lili pa rauta ya kunyumba. Chilichonse chimene ndikuuzeni pano chikuchokera pamenepa: konzani kunyumba kaye.

Choyamba ndi liwiro lotumizira. Tikamalipira intaneti timangoyang'ana nambala yaikulu ija ya download, chifukwa ndi imene imatithandiza poonera YouTube. Koma pa nkhani yathuyi PS4 ndi imene ikutumiza kanema kunja, ndiye nambala yofunika ndi yachiwiri, ya upload. Sony amanena kuti pamafunika 5 Mbps kapena kuposa, ndipo kuti zinthu ziyende bwino pakhale 15 Mbps, kotumiza ndi kolandira komwe. Mafaiba ambiri otchipa amapereka upload yochepa kuyerekeza ndi download. Tsegulani Speedtest, pulogalamu yoyezera liwiro la intaneti, muli m'chipinda mwanu, ndipo musayese masana anthu onse ali kuntchito. Yesani cha m'ma 8 koloko usiku, nthawi imene ana a landilodi ali pa TikTok, wina akuimbira kumudzi pa vidiyo ya WhatsApp, chifukwa ndi nthawi yomweyo imene inu mudzafune kusewera mutaweruka.

Chachiwiri ndi chingwe, ndipo pa ichi ndilankhula zimene ndinaona ndi maso anga. Ndimakhala ku Rosettenville, m'nyumba ya makoma a njerwa okhuthala. Rauta ili pa khonde la m'kati, makina ali pabalaza, pakati pake pali makoma awiri. Masiku oyamba ndinkalumikiza makinawo pa Wi-Fi. Ndikangoyamba kusewera, udzu wa m'bwalo la mpira unkasanduka timabokosibokosi tobiriwira, osewera n'kuima kaye ngati ajambulidwa, kenako n'kulumphira kutsogolo mpira utapita kale. Ndinagula chingwe cha netiweki cha mamita 10, ndinachidutsitsa m'munsi mwa chitseko n'kuchikhomerera m'mbali mwa khoma ndi timisomali ta pulasitiki. Usiku womwewo timabokosi tija tinatha. Palibe china chimene ndinasintha. Ngati mukukhala m'chipinda cha kuseri ndipo rauta ili m'nyumba yaikulu, pitani mukawapemphe eni nyumba mwaulemu kuti mudutsitse chingwe pa zenera. Chingwe chotere chimagwira bwino ntchito mpaka mamita 100, ndiye kutalika kwa bwalo si vuto. Zikakanika, yesani kulumikiza pa Wi-Fi ya 5 GHz, koma dziwani kuti PS4 yoyambirira ija, yaikulu ija, ilibe 5 GHz. Ili pa Slim ndi Pro. Komanso 5 GHz siboola bwino makoma.

Zokonza m'makina n'zochepa. Pa Settings mupeza Remote Play Connection Settings, muyatse Enable Remote Play. Pa Account Management muonetsetse kuti makinawo ndi Primary PS4 ya akaunti yanu. Poti munagula kwa munthu, apa samalani: ngati mukusewerabe pa akaunti ya mwini wake wakale, tsegulani yanu, chifukwa pa foni mudzalowa ndi akaunti yomweyo, ndipo mawu anu achinsinsi musapatse aliyense. Kenako pa Power Save Settings, pa zimene makina angachite ali pa Rest Mode, muyatse Stay Connected to the Internet ndi Enable Turning On PS4 from Network. Pochoka Lolemba m'mawa musazimitsiretu, muwasiye pa Rest Mode, kanyale kakuwala mtundu wa lalanje. TV ikhoza kukhala yozima, ilibe nazo ntchito.

Tsopano magetsi. Kuno ku Johannesburg ichi ndiye chimene chidzakugwetseni ulesi kuposa zonse. Makina ali pa Rest Mode amakhala ngati munthu wogona tcheru, foni ikagogoda amadzuka. Magetsi akangothima, ngakhale mphindi imodzi, makinawo amazimiratu, ndipo magetsi akabwera sabwerera okha pa Rest Mode. Mudzagogoda kuchokera ku Fourways mpaka kutopa. Tonse tikukumbukira 2023, pamene tinkakhalira kuyang'ana EskomSePush, pulogalamu yosonyeza ndandanda yozimitsira magetsi, kuti tidziwe nthawi yophika. Kuzimitsa kwa ndandanda kuja kunachepa kuyambira mu 2024, koma zingwe zimabedwabe, matransifoma amapsabe, ndipo mayunitsi a mita amatha pakati pa sabata wina atayiwala kugula. Ineyo zinandichitikira ndili kwa mlamu wanga ku Cosmo City: ndinayesa kanayi osatheka, pofika kunyumba ndinapeza wotchi ya pa chitofu ikuphethira, kusonyeza kuti magetsi anathimapo masana. Timabatire tating'ono ta rauta tija n'tabwino, koma timangosunga rauta ndi kabokosi ka faiba, PS4 sitingainyamule. Njira yotchipa ndi munthu. Pakhale wina wodalirika pa nyumbapo amene mungamuimbire kuti, "Aise, takandidinire batani." Ngati chipindacho mumatseka n'kupita ndi kiyi, vomerezani kuti masabata ena zidzakanika mpaka Loweruka.

Ndiwonjezepo ziwiri pa nkhani yomweyi. Mvula ya kuno ya mabingu, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, imapha zipangizo, ndiye makina amene akhale pa soketi sabata yonse afunika pulagi yoteteza. Ndipo chonde musawafunditse nsalu. Ndikudziwa kuti kwathu tinazolowera kuphimba wailesi ndi TV poopa fumbi, koma makina amene mudzawayatse muli kutali, atafunda chitenje m'kachipinda ka malata kotseka mazenera, adzatentha popanda wowaona.

Mbali ya foni ndi yosavuta. Kontrola yanu ya DualShock 4 mupite nayo ku Fourways. Mukadina batani la PS pamodzi ndi la Share mpaka nyale yake iyambe kuphethira, foni idzaipeza pa Bluetooth. Pulogalamuyi ili ndi mabatani a pa sikirini, koma zala zanu zomwe zimaphimba theka la bwalo, ndiye sindikulimbikitsani. Ngati muli ndi laputopu, ndi yabwino kuposa foni: sikirini ndi yaikulu, kontrola mumailumikiza ndi chingwe cha USB. Kumbukiraninso kuti ngati gemu yanu ndi ya pa disiki, mudzasewera yokhayo imene mwaisiya m'makinamo. Ndipo makinawo ndi amodzi: ngati mng'ono wanu wawayatsa kunyumba, simungasewere gemu ina inu iye akusewera ina.

Nanga intaneti ya ku Fourwaysko? Ngati abwana ali ndi Wi-Fi imene imafika kuchipinda kwanu, apempheni poyera, muwauze kuti ndi zamadzulo mukaweruka. Ngati mudalire data ya foni, tiyeni tiwerengere limodzi. Kanema woyenda pa 5 Mbps amadya pafupifupi 2 GB ndi kota pa ola limodzi. Pa 10 Mbps ndi 4.5 GB pa ola. Maola awiri usiku uliwonse kwa masiku anayi, ngakhale pa liwiro lotsikalo, ndi 18 GB pa sabata. Imeneyo ndi ndalama imene bwenzi itapita kumudzi, ndiye muiganizire bwino. Mungachepetse potsitsa chithunzi mu pulogalamumo kufika pa 540p kapena 360p. Pa sikirini ya foni 540p imaoneka bwino ndithu, ndipo PS4 wamba sipitirira 720p ngakhale mutafuna. 1080p ndi ya PS4 Pro ndi PS5. Mabandulo a usiku ndi otchipa, koma munthu wodzuka m'mamawa kukagwira fosholo sindingamuuze kuti aziyamba gemu pakati pa usiku.

Pali chinthu china chimene liwiro silingachotse, ndicho kuchedwa. Gemu yoyenda pa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi pafupifupi 17 alionse. Kupanikiza kanema, kumutumiza, kumumasula pa foni, kenako kubweza batani lanu, chilichonse chimawonjezera kanthawi kake. Mukhala mukuona zimene zachitika kale pang'ono. Pa magemu a nkhani, oyendayenda ndi kufufuza, thupi limazolowera m'mphindi zochepa. Pa FIFA, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, Career Mode yosewera ndi makina imatheka bwino. Koma kupikisana ndi anthu pa intaneti, kapena magemu omenyana ngati Tekken, mudzagonja kwa anthu amene mukanawachinya muli pa mpando wanu kunyumba. Zimenezo zisungireni Loweruka.

Kwa owerenga ena amene ali ndi Xbox: nanunso muli nayo njira yotereyi pa Xbox One ndi Series X kapena S, ndipo zonse ndanena za chingwe ndi magetsi zikukukhudzani chimodzimodzi. A magemu a pa kompyuta ali ndi Steam Link. Nintendo Switch ilibe zimenezi.

Tifike ku Mangochi. Pulogalamuyi siletsa kulumikiza muli dziko lina, ndiye tsiku lina mwina chithunzi chingatuluke. Koma kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 1,500 mukayeza mowongoka, ndipo uthenga wa pa intaneti suyenda mowongoka. Umakhotakhota ngati basi yathu yodzera ku Beitbridge, Harare, Tete mpaka Mwanza, kudutsa m'manja mwa makampani angapo, kenako n'kumalizira pa nsanja ya foni imene mudzi wonse ukuidalira pa nyengo ya Khirisimasi. Onjezanipo mtengo wa bandulo kwathu. Onjezaniponso kuti makinawo akhala mwezi wathunthu pa soketi, nthawi ya mabingu, m'chipinda chopanda munthu, mu Disembala pamene akuba amadziwa kuti ambiri tapita kumudzi. Magetsi akathima tsiku lachitatu, nkhani yathera pomwepo. Ine sindingatero. Ngati kwanu kuli magetsi ndi TV, makinawo akulungeni m'zovala, muwaike m'chikwama chokhala nacho pamiyendo, osati cha pansi pa basi, mupite nawo. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, 230 V, kungoti masoketi a kwathu ndi a mano atatu amakona pomwe a kuno ndi obulungira, ndiye mugule adaputa. Ana a achemwali anu adzasangalala kuposa mmene inu mukanasangalalira pa kasikirini ka foni. Ngati simungathe kunyamula, zulani pa soketi, muwasungitse kwa munthu amene mumamukhulupirira.

Loweruka likubwerali, musanagule kalikonse, chitani izi. Lumikizani foni ndi PS4 muli m'chipinda momwemo pa Wi-Fi ya pakhomo, muone ngati zikugwirizana. Zikatheka, ikani makina pa Rest Mode, zimitsani Wi-Fi ya pa foni, yatsani data, mulole pulogalamuyo kugwiritsa ntchito data ya foni, ndipo muyende mpaka pa shopu ya pakona mukayese kuwadzutsa muli kumeneko. Akadzuka, ku Fourways adzadzukanso. Akakana, ndilembereninso, munditumizire nambala ya upload imene mwapeza usiku, mundiuzenso ngati intaneti ya pakhomopo ndi ya faiba kapena ndi rauta ya simu khadi.