Pulojekiti yanga yadzaza ndi #ifdef, kodi ndiikonze?

Funsoli lachokera kwa wophunzira wa chaka chomaliza pa maphunziro a kompyuta. Pulogalamu yake anailemba m'chiyankhulo cha C pa Linux, kenako aphunzitsi anati iziyendanso pa Windows. Paliponse pamene zinthu zinasiyana iye ankangoikapo #ifdef _WIN32, lamulo lonena kuti mizere ina ya khodi imangidwe pa Windows pokha. Ikuyenda ndithu, koma mwiniwakeyo akuvutika kuiwerenga. Akufunsa ngati kuikonza n'kofunika pamene nthawi yatha chonchi, komanso ngati olemba ntchito amasamala zimenezi.

Ikonzeni. Munthu wofuna kukulembani ntchito akatsegula pulojekiti yanu pa GitHub, webusaiti yosungirako khodi, chimene amaona msanga ndi mmene mwasanjira mafoda ndi mafayilo. Pamenepo amadziwa ngati anzanu a pantchito angathe kugwira khodi yanu osakuimbirani foni.

Yambani ndi pepala. Lembani zonse zimene pulogalamu yanu imapempha kwa operating system (monga Linux kapena Windows): kutsegula fayilo, kuyambitsa pulogalamu ina, kudikira uthenga pa netiweki, kufunsa nthawi. Chilichonse chipatseni dzina lanulanu mu fayilo imodzi, tinene platform.h. Mukatero lembani mafayilo awiri, platform_unix.c ndi platform_win.c, ndipo CMake, chida chothandiza kumanga pulogalamu, izisankha yoyenera pomanga pulogalamu. Khodi yotsalayo isadziwe n'komwe kuti ili pa makina anji.

Akatswiri amachita zomwezi. SQLite, pulogalamu yosungira deta, ili ndi os_unix.c ndi os_win.c. libuv, khodi imene Node.js (pulogalamu yoyendetsa JavaScript) imadalira polankhula ndi operating system, ili ndi mafoda src/unix ndi src/win, chifukwa Linux imadikira mauthenga kudzera mu epoll, macOS mu kqueue, pamene Windows ili ndi IOCP. Chiyankhulo cha Go chinafika poika zimenezi m'malamulo ake: fayilo imene dzina lake lathera ndi _windows.go imamangidwa pa Windows pokha. Patulani madzulo amodzi muwerenge mafoda awiri a libuv aja moyandikanitsa. Simumvetsa zonse, palibe kanthu, inu mukungoona pamene anadula malire.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi posankha mayina. Amatenga zimene Linux imachita n'kuyesa kukakamiza Windows kuti itsanzire. Windows ilibe fork(), imene Linux imagwiritsa ntchito poyambitsa pulogalamu ina, ili ndi CreateProcess, ndipo ziwirizi zimagwira ntchito mosiyana kwambiri. Choncho mu platform.h musalembemo "fork". Lembani chimene mukufuna chichitike, monga kuyambitsa pulogalamu yakutiyakuti, mbali iliyonse ichite m'njira yake. Zolakwika nazo zibwerere mu mtundu umodzi wanu, osati errno ya Linux uku, GetLastError() ya Windows uko.

Musapitirirenso muyezo. Ngati kusiyana kuli pa mzere umodzi wokha, #ifdef imodzi si tchimo, bola ikhale m'mafayilo a platform aja.

Mukamaliza, yesani mbali zonse nthawi iliyonse mwasintha kanthu. GitHub Actions imatha kumanga pulogalamu yanu pa Ubuntu, Windows ndi macOS, ndiye simufunika kukhala ndi makompyuta atatu. Imagwira tizinthu tokhumudwitsa: pa Linux, Data.txt ndi data.txt ndi mafayilo awiri osiyana, pamene pa Windows nthawi zambiri ndi imodzi.

Pa nkhani ya nthawi, musasamutse zonse tsiku limodzi. Yambani ndi zokhudza mafayilo, muyese, kenako netiweki. Mu README, fayilo yofotokoza pulojekiti yanu, muikemo ndime yaifupi yofotokoza chifukwa chimene munagawira chonchi, popeza pa intavyu akhoza kukufunsani zimenezo.