Funsani a Makaniko: dizilo kapena petulo pa msewu wa matope?

FUNSO: Zikomo a Makaniko. Ine ndimagula soya ndi mtedza m'midzi ya ku Ntchisi kuno, ikangoyamba mvula kagalimoto kanga kamangotitimira ndiye ndasungako kandalama ndikufuna 4x4. Anzanga akuti dizilo basi, koma ndikaona pa intaneti ma Prado a ku Japan amene ndingakwanitse onse ndi a petulo, a dizilo akudula koopsa. Ndiitanitse iti? Nkhani yoitanitsayo nayo anthu akundiopseza. Wowerenga wa ku Ntchisi.

YANKHO: Achimwene, anzanuwo sakunama ayi, kungoti dizilo amene ali m'mutu mwawo ndi wakale uja. Akuganiza za Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2, ngati ma ambulansi aja mumawaona pa zipatala za m'maboma. Imeneyo ilibe turbo, pampu yake siyendera kompyuta, mukaiika giya yaing'ono imakwera chitunda cha matope pang'onopang'ono osafuna kuipondereza, ndipo makaniko wa pa boma amaidziwa ngati chikhatho chake. Dizilo amakoka katundu injini isanakuwe komanso pa lita imodzi amayenda mtunda wautali kuposa petulo, izi palibe angatsutse.

Koma dizilo wa masiku ano ndi nyama ina. Ma D-4D, injini za dizilo zamakono za Toyota, ndi anzake amapopera mafuta ndi mphamvu yoopsa kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso, ndiye kadontho ka madzi kapena parafini basi mwalira. Nthawi ya mizere ya mafuta ija anandibweretsera Hilux ina ikutsokomola utsi woyera, mwini wake anathira wa m'chigubu pamsewu poti analibe kuchitira mwina. Ndinakhuthulira za mu fyuluta m'botolo, titadikira pang'ono madzi anakhazikika pansi pafupifupi zala ziwiri, mdala uja anangogwira pakamwa. Ma injekita, tizipangizo topopera mafuta mu injini, onse 4 anapita, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa inali galimoto yabwino. Atsopano kwambiriwo alinso ndi DPF, sefa ya mwaye ya ku ekizozi, imene imatsekeka galimoto ikamangoyenda timaulendo tifupitifupi.

Zoti ku Japan a dizilo akusowa ndi zoona ndipo chifukwa chilipo. Malamulo a utsi kumeneko anakhwima, Tokyo inayamba kuletsa malole ndi mabasi akale a dizilo mu 2003, Toyota inasiya kugulitsa Prado ya dizilo m'dzikomo mu 2007 n'kudzaibweza mu 2015 ndi injini ya 2.8. Hilux nayo anasiya kuigulitsa ku Japan mu 2004, inadzabwerera mu 2017. Ndiye zaka zimene thumba lanu likufikazo ndi zomwezo zimene kunali petulo yekhayekha. Prado ya 2.7 petulo, injini ya 2TR, si yoipa ayi, ndi yolimba, imapezekanso m'ma Hiace ena moti zipangizo sizivuta, kungoti thupi ndi lolemera ndiye pa chitunda imachita ulesi ndipo imamwa, muzikhala okonzeka pa pampu.

A dizilo ambiri amachokera ku UK kapena ku South Africa, poti Hilux amaipanga ku Durban konko. Ya ku UK muuze munthu alowe pansi ajambule chasisi, kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira ndiye dzimbiri limadya pansi pamwamba pakuwala. Ya ku Joni ikhale ndi chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa. Za ku Dubai zambiri chiwongolero chili kumanzere, zisiyeni.

Tsopano kuitanitsako. Mtengo mukuuona pa intanetiwo ndi poyambira chabe. Choyamba madola, kubanki mutha kudikira mpaka kutopa, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masamu onse anasintha. Galimoto ikatsika sitima ku Dar es Salaam pali za padoko, za ejenti, ikachedwa kutuluka storage, ndalama yosungira galimoto padoko, imawerengedwa tsiku ndi tsiku, kenako dalaivala ndi mafuta mpaka ku Kasumulu n'kuwoloka pa Songwe, apo ndiye a MRA akukudikirani ndi dyute, excise ndi VAT. Msonkhowo amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye 4x4 yakale ya injini yaikulu imapweteka mbali zonse ziwiri. Ndaonapo anthu galimoto yafika pa boda ndalama yowombolera palibe. Musanatumize ngakhale dola imodzi, tengani chaka, cc (kukula kwa injini) ndi nambala ya chasisi mupite nazo ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka akuwerengereni, ndipo ndalama muzilipira ku akaunti ya kampani, osati ya munthu wa pa WhatsApp.

Ine ndikanakhala inu Prado ndikanaiiwala kaye. Inu mukunyamula matumba, mukufunika pikapu. Funani Hilux ya dizilo imene inalowa kale m'dziko muno, ya mapepala oyera, mupite ndi makaniko wanu akailize m'mawa injini ili yozizira aone utsi, ayesenso 4x4 yo ngati ikulowadi. Ndalama yotsalayo mugule matayala a matope ndi ma fyuluta awiri a mafuta oyenda nawo kuseri kwa mpando.